Ryan Papenhuyzen: Wosewera Yemwe Adathyoka Katatu N'kubwereranso Pabwalo

Ryan Papenhuyzen ndi katswiri wa masewero a rugby league wa ku Australia. Adabadwa pa 10 Juni 1998 mumzinda wa Sydney ndipo adasewera mu ligi yaikulu ya dzikolo ndi timu ya Melbourne Storm kuyambira 2019 mpaka 2025. Dzina lake limatchulidwa kawirikawiri anthu akamakamba za kuchira kwa mwendo wothyoka, chifukwa pakati pa Julayi 2022 ndi Meyi 2024 adathyoka mafupa a m'mwendo katatu, ndipo maulendo onse atatu adabwerera pabwalo. Ngozi yoyamba ndiyo idali yaikulu: fupa la pabondo lidasweka zidutswa 10, ndipo padapita masiku 405 asanaseweremonso mu ligiyo.

Nkhani yake ikuonetsa chinthu chomwe ambiri timachiiwala. Fupa limalumikizana m'masabata owerengeka, koma kuti mwendo ubwerere pa ntchito yake pamatenga miyezi yambiri. Tsiku lochotsa chikhakha si tsiku lochira.

Rugby league ndi masewero otani

Omwe adaonako rugby pa kanema, kapena ali ku Joni, kawirikawiri adaona timu ya dziko la South Africa, ma Springboks. Imeneyo ndi rugby union, ya anthu 15 mbali iliyonse. Rugby league ndi mphukira yake. Idayamba mu 1895 mumzinda wa Huddersfield, kumpoto kwa England, pomwe matimu 22 adapatuka ku bungwe loyendetsa rugby. Osewera awo ambiri adali anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale, ndipo akapita kukasewera Loweruka ankataya malipiro a tsikulo. Matimuwo ankafuna kuti aziwabwezera ndalamayo, koma bungwe lidakana. Masewero atsopanowa adafika ku Australia mu 1908, ndipo lero ndi otchuka kwambiri m'zigawo za New South Wales ndi Queensland, komanso ku Papua New Guinea. Ligi yaikulu ya ku Australia imatchedwa NRL.

Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 13, ndipo masewero amatenga mphindi 80, zigawo ziwiri za mphindi 40. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira. Amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, ndipo popatsirana ndi manja saloledwa kuuponya kutsogolo. Wosewera akaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani wagoletsa chigoli chotchedwa try, chomwe ndi mapointi 4, ndipo akamenya mpira kudutsa pakati pa mitengo ya golo pambuyo pake amaonjezera mapointi 2.

Lamulo lomwe limachititsa kuti masewerowa akhale oopsa ku miyendo ndi ili: timu yomwe ili ndi mpira ili ndi mwayi 6 wokha. Wonyamula mpira akagwidwa n'kugwetsedwa, mwayi umodzi watha, ndipo otchinga amabwerera m'mbuyo mamita 10 kenako n'kuthamangiranso kutsogolo. Choncho anthu amawombana ali pa liwiro kambirimbiri pa masewero amodzi, ambiri mwa iwo olemera makilogalamu oposa 100, opanda zisoti zolimba kapena zotchinga maondo.

Papenhuyzen ankasewera kumbuyo kwenikweni, malo otchedwa fullback, ovala nambala 1. Wosewera wa pamalowa amawakha mipira yomenyedwa m'mwamba, amathamanga mtunda wautali, ndipo mdani akabowola mzere wa otchinga, iye ndiye womaliza kumuimitsa. Ntchito yonseyi imadalira liwiro ndi kukhota mwadzidzidzi, kutanthauza kuti imadalira bondo ndi kakolo.

Asanavulale

Papenhuyzen ndi wa thupi laling'ono poyerekeza ndi anzake, wolemera pafupifupi makilogalamu 80. Chida chake chidali liwiro. Adayamba kusewera mu NRL mu 2019, chaka chotsatira kupuma kwa Billy Slater, yemwe adagwira malo a fullback ku Melbourne Storm kwa zaka zambiri. Pa 25 Okutobala 2020 Storm idagonjetsa Penrith Panthers 26 kwa 20 m'masewero otsiriza olimbirana chikho. Papenhuyzen adagoletsa try atathamanga pafupifupi bwalo lonse, ndipo adalandira mendulo ya Clive Churchill, yomwe imaperekedwa kwa wosewera bwino kuposa onse pa tsikulo. Apo n'kuti ali ndi zaka 22.

Mu Epulo 2021 adagoletsa ma try 4 m'mphindi 11 zokha posewera ndi Brisbane Broncos. Mwezi wotsatira adamenyedwa m'mutu posewera ndi St George Illawarra Dragons n'kukomoka, ndipo adakhala kunja pafupifupi miyezi iwiri. Mu 2022 adayamba bwino kwambiri, koma mu Meyi adavulala mnofu wa kuseri kwa ntchafu ndi bondo. Adali atangobwerera kumene pomwe ngozi yaikulu idamupeza.

Tsiku lomwe bondo lidasweka

Pa 17 Julayi 2022 Storm inkasewera ndi Canberra Raiders pabwalo la AAMI Park ku Melbourne. Jack Wighton wa Raiders adabowola mzere wa otchinga, ndipo Papenhuyzen, monga mwa ntchito yake, adathamangira kukamugwira. Awiriwo adawombana ali pa liwiro ndipo mphamvu yonse idagwera pabondo la Papenhuyzen. Atamujambula kuchipatala adapeza kuti fupa la kutsogolo kwa bondo lasweka zidutswa 10. Madokotala adamuchita opaleshoni yolumikiza zidutswazo, ndipo mpikisano wa 2022 udathera pomwepo kwa iye.

Ntchito ya fupa la pabondo

Mukakhala pansi n'kuongola mwendo, mutha kugwira kafupa kozungulira kutsogolo kwa bondo n'kukasuntha uku ndi uku. Pa Chipwitikizi amati rótula. Fupali silidalumikizane mwachindunji ndi fupa lina. Lili mkati mwa mtsempha waukulu womwe umachokera ku minofu ya kutsogolo kwa ntchafu n'kukamangirira pa fupa lalikulu la kumunsi kwa bondo. Minofu ya ntchafu ikakoka, mtsemphawo umadutsa pamwamba pa bondo n'kuongola mwendo.

Fupa la pabondo limagwira ntchito ngati mwala womwe timaika pansi pa mtengo potukula chinthu cholemera. Limakweza mtsempha pang'ono kuti minofu ikoke ndi mphamvu zambiri. N'chifukwa chake limasenza katundu wamkulu: pokwera masitepe, mphamvu yomwe imalipanikiza imafika pafupifupi katatu kulemera kwa thupi lonse, ndipo ponyonyomala kapena podumpha imaposa pamenepo. Mbali yake ya mkati ndi yokutidwa ndi chinthu choyera choterera, chonga chomwe timaona kumapeto kwa fupa la mbuzi, kuti liziyenda bwino bondo likamapinda.

Fupali likathyoka pali mavuto awiri. Loyamba, minofu ya ntchafu imakoka chidutswa cha kumtunda n'kuchisiyanitsa ndi cha kumunsi, ndiye zidutswazo sizikhala malo amodzi kuti zigwirane. Chizindikiro chake n'chakuti munthu akagona chagada amalephera kutukula mwendo uli woongoka. Lachiwiri, mbali yoterera ija ikalumikizana mosalingana, bondo limakhulana mkati, limapweteka, ndipo pakapita zaka limadwala nyamakazi.

Ngati fupa langong'aluka koma zidutswa sizidasunthe, madokotala amaika chikhakha kapena chomangira bondo kwa masabata pafupifupi 6. Ngati zidutswa zasiyana, pamafunika opaleshoni yozimanga ndi mawaya, tizitsulo kapena masikuluwu. Kulumikiza zidutswa ziwiri n'kosavuta kwenikweni. Kulumikiza 10 kuli ngati kubwezeretsa mbale yadothi yomwe yagwa pasimenti, ndipo mbaleyo iyenera kudzasenzanso munthu wothamanga.

Momwe fupa limalumikizanira

Dokotala salumikiza fupa. Iye amangoika zidutswa m'malo mwake n'kuzigwira kuti zisasunthe, ndipo thupi ndilo limagwira ntchito yotsala. Ntchitoyi imayenda m'magawo anayi, ndipo ndi yofanana kwa katswiri wa masewero ndi kwa mlimi.

M'masiku oyambirira magazi amaundana pomwe pathyoka, malowo amatupa ndi kutentha. Kutupaku ndi chiyambi cha kuchira, chifukwa magaziwo amabweretsa zomangira.

Pakatha masabata awiri kapena atatu pamamera chinthu chofewa chomwe chimagwirizanitsa zidutswa. Ululu umachepa, ndipo apa m'pomwe anthu ambiri amanyengeka n'kuyamba kuponda. Koma chomwe chagwira zidutswazo n'chofewa ngati dothi la njerwa yosawotcha.

Pakati pa masabata 6 ndi 12 chofewa chija chimasanduka fupa lolimba, lomwe limaoneka akajambula. Kwa ana zimafulumira, kwa okalamba zimachedwa.

Gawo lomaliza limatenga miyezi yambiri, mwinanso zaka. Thupi limasema fupa latsopanolo, kuchotsa pomwe pachuluka ndi kulimbitsa pomwe pakudutsa katundu. Fupa limalimba molingana ndi ntchito yomwe likupatsidwa, choncho kuponda pa nthawi yoyenera, ndi muyeso woyenera, ndi mbali ya mankhwala.

Chifukwa chiyani padapita masiku 405

Masabata 12 ndi masiku 84 okha. Masiku ena onsewo adapita kuti? Fupa losweka zidutswa zambiri limachedwa kulimba kuposa long'aluka pamodzi, koma nthawi yochuluka imathera pa zinthu zina zitatu.

Choyamba ndi minofu. Mwendo ukangokhala osagwira ntchito, minofu ya ntchafu imayamba kufota m'masabata awiri oyamba. Aliyense yemwe adaona mwendo wongotuluka m'chikhakha akudziwa momwe umaondera. Pa bondo pali vuto lina loonjezera: bondo likatupa, thupi limachepetsa lokha uthenga wopita ku minofu ya ntchafu pofuna kuliteteza. Munthu amafuna kukunga ntchafu koma mnofu osamvera. Kuonda kumachitika msanga, koma kubwezeretsa mnofu kumatenga miyezi.

Chachiwiri ndi kuuma kwa bondo. Bondo lomwe lakhala loongoka nthawi yaitali limamera zipsera mkati ndipo limakana kupinda. Apa pali mkangano womwe madokotala amalimbana nawo tsiku ndi tsiku: ukalipinda msanga kwambiri zidutswa za fupa zitha kusiyana, ukachedwa bondo limauma. N'chifukwa chake amaonjezera kupinda pang'onopang'ono sabata iliyonse.

Chachitatu ndi kayendedwe. Munthu yemwe wakhala miyezi akutsimphina amazolowera kusenzetsa mwendo wabwino. Ngakhale ululu utatha, thupi limapitiriza kuuthawa mwendo wovulala, mwini wake osadziwa. Poyenda sizioneka kwambiri, koma pothamanga ndi pokhota, katundu amagwera malo olakwika ndipo munthu amavulala pena. Pamwamba pa izi pali mantha. Wosewera yemwe akuopa kuwombana amachedwa kapena kuumitsa thupi pa nthawi yolakwika, ndipo mantha ovulalanso ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe osewera ena sabwerera ngakhale mwendo utachira.

Ntchito yothana ndi zonsezi ndi yomwe kuchipatala amati fisioterapia, ena amati mafizo. Imayenda motsatana: kuchepetsa kutupa ndi kudzutsa mnofu wa ntchafu, kupinda bondo, kuponda ndi ndodo kenako popanda ndodo, kuyenda m'madzi ndi kupalasa njinga yoima malo amodzi, kunyamula zitsulo, kuthamanga molunjika, kudumpha ndi kukhota, ndipo pomaliza kuwombana ndi anzake. Sadumpha gawo. Bondo likatupa atachita gawo lina, amabwerera pa gawo la m'mbuyo.

Mu Januwale 2023, patatha miyezi 6 chivulalireni, Papenhuyzen adapita ku Philadelphia, ku America, kukaonana ndi Bill Knowles, katswiri wobwezeretsa osewera ovulala. Knowles adathandizapo Tiger Woods wa gofu ndi Andy Murray wa tenesi, komanso osewera ena a NRL monga Latrell Mitchell ndi Tom Trbojevic. Amadziwika ndi njira yosayang'ana bondo lokha koma thupi lonse: momwe munthu akupondera, momwe chiuno chikugwirira ntchito, ndi momwe akuimira akathamanga.

Mpikisano wa 2023 udayamba mu Malichi iye kulibe. Miyezi idapita, Nick Meaney akugwira malo ake, ndipo timu yomwe mphunzitsi wake adali Craig Bellamy sidamuthamangitse. Mu Ogasiti adayamba kaye wasewera ndi Sunshine Coast Falcons, timu ya ligi yaing'ono ya ku Queensland yomwe inkagwirizana ndi Storm. Iyi ndi njira yoyesera mwendo pa masewero enieni koma a liwiro locheperako. Pa 26 Ogasiti 2023 adalowa pabwalo la AAMI Park posewera ndi Gold Coast Titans, akuchokera pabenchi. Lidali bwalo lomwe lija adavulalirapo.

Masiku 13 okha

Chisangalalo sichidakhalitse. Pa 8 Sepitembala 2023, patangotha masiku 13, Storm inkasewera ndi Brisbane Broncos pabwalo la Suncorp ku Brisbane, m'ndime ya matimu 8 omwe adachita bwino chaka chimenecho. Masewero ali pafupi kutha, Papenhuyzen adalowa kukathandiza kugwetsa mdani, ndipo mnzake wa timu yomweyo, Nelson Asofa-Solomona, mmodzi mwa osewera olemera kwambiri mu ligiyo, adagwera pamwendo wake. Fupa lidathyoka pakakolo. Adamutulutsa pabwalo pa kagalimoto konyamula ovulala, ndipo Storm idagonja 26 kwa 0. Awa adali masewero ake achitatu okha mu NRL chibwererereni.

Ngoziyi sidachitike chifukwa chakuti bondo lidali losachira. Munthu wolemera akagwera pamwendo womwe phazi lake lagwira pansi, fupa la wina aliyense litha kuthyoka. Poyamba anthu adaopa kuti fupa labowola khungu, koma sizidali choncho, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu monga tionere m'munsimu.

Pakakolo pamakumana mafupa atatu: fupa lalikulu la kumunsi kwa bondo, fupa lowonda la m'mbali mwake chakunja, ndi fupa la pamwamba pa phazi lomwe limalowa pakati pa awiriwo. Pakathyoka, madokotala amabwezeretsa mafupawo m'malo mwake n'kuwagwira ndi kachitsulo kosalala ndi masikuluwu. Papenhuyzen adachitidwa opaleshoni n'kuyambiranso magawo onse aja. Ulendo uno zidafulumira. Pa 8 Malichi 2024, patatha miyezi 6 yeniyeni, adasewera masewero oyamba a Storm mu mpikisano wa chaka chimenecho, pomwe timuyo idagonjetsa Penrith 8 kwa 0.

Mu Meyi 2024, posewera ndi Gold Coast Titans, fupa lidang'alukanso pang'ono chapakakolo. Kudali kuthyoka kwachitatu, koma kwakung'ono, ndipo patatha masabata angapo adabwerera. Chaka chimenecho Storm idamaliza pamwamba pa ligi ndipo Papenhuyzen adasewera masewero otsiriza pa 6 Okutobala, pomwe adagonja kwa Penrith 14 kwa 6.

Umboni woti liwiro lidabwerera udaoneka mu Meyi 2025, pomwe Storm idaswa Wests Tigers 64 kwa 0. Papenhuyzen yekha adapeza mapointi 36, kuchokera pa ma try 4 ndi mipira 10 yomenyera pagolo. Palibe wosewera wa Storm yemwe adafikapo pamenepo m'masewero amodzi chiyambireni timuyi mu 1998. Pa 5 Okutobala 2025 adaseweranso masewero otsiriza, ndipo Storm idagonja kwa Brisbane Broncos 26 kwa 22. Patapita masabata ochepa timuyo idalengeza kuti yamumasula pa mgwirizano wake, womwe udali utatsala ndi chaka chimodzi. Apo n'kuti ali ndi zaka 27.

Si onse amabwerera

Kungakhale kulakwa kunena kuti aliyense wolimbikira amachira chimodzimodzi. Mu ligi yomweyi mudali Jharal Yow Yeh wa Brisbane Broncos, mnyamata waliwiro yemwe pofika 2011 adali atasewerera kale chigawo cha Queensland ndi dziko la Australia. Mu Malichi 2012, posewera ndi South Sydney mumzinda wa Perth, adadumphira mpira wam'mwamba n'kutera moipa. Adathyoka pakakolo ndipo fupa lidabowola khungu. Adachitidwa maopaleshoni ambiri, adayesetsa kwa zaka ziwiri, koma sadaseweremonso mu NRL. Adasiya masewero mu 2014 ali ndi zaka 24.

Fupa likabowola khungu, tizilombo toyambitsa matenda timapeza khomo lolowera mpaka m'fupa, ndipo minofu, khungu ndi mitsempha ya magazi yozungulira malowo imakhala itaonongeka. Fupa lomwe lalowa matenda limachedwa kulumikizana, nthawi zina osalumikizana n'komwe. Yow Yeh adali ndi madokotala ndi zipangizo zofanana ndi za Papenhuyzen. Chomwe chidasiyana ndi mtundu wa bala.

Zomwe zimagwira ntchito kwa munthu aliyense

Mlimi yemwe wagwa pa njinga yamoto, wapondedwa ndi ngolo kapena wathyoka pa mpira wa pamudzi sangapite ku Philadelphia. Koma fupa lake limachira motsata malamulo omwewo, ndipo zambiri zomwe zimathandiza sizilira ndalama zochuluka.

Pa malo a ngozi, musayese kukoka kapena kuongola mwendo. Ikani matabwa kapena timitengo toongoka mbali ziwiri, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi kwa pomwe pathyoka, mumange ndi nsalu mosathinitsa, ndipo munthuyo anyamulidwe, asaponde. Ngati pali bala, liphimbeni ndi nsalu yoyera. Musathirepo dothi, phulusa kapena zitsamba, ndipo fupa lomwe latuluka musalibwezere mkati. Bala lotere limafunika kuchipatala tsiku lomwelo, kuti alitsuke ndi kupereka mankhwala opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata. Kutema mphini pamalo othyoka kumasandutsa kuthyoka kotsekeka kukhala kwa bala.

Kujambula n'kofunika ngakhale munthu akutha kuyenda pang'ono. Pa kuthyoka kwa pabondo kapena pakakolo, maso okha sangadziwe ngati zidutswa zasuntha, ndipo fupa lomwe lalumikizana mokhota n'lovuta kulikonza pambuyo pake.

Chikhakha, chomwe anamwino amati gesso, chisanyowe, ndipo musalowetsemo kamtengo pokanda. M'masiku oyamba mwendo uzikhala pamwamba pa mtsamiro kuti kutupa kuchepe, ndipo zala za kuphazi muzizigwedeza. Bwererani kuchipatala msanga ngati ululu ukukulirakulira, zala zachita dzanzi, zazizira kapena zasintha mtundu, ngati chikhakha chayamba kununkha, kapena ngati munthu wayamba kutentha thupi. Kutupa ndi kupweteka kwa katumba, kapena kubanika mwadzidzidzi, kungasonyeze kuti magazi aundana mumtsempha, ndipo zimenezi n'zoopsa.

Thupi limamanga fupa ndi zomwe munthu wadya. Nyemba, mtedza, soya, mazira, mkaka, ndiwo zamasamba ndi nsomba zing'onozing'ono zodya ndi minga yomwe, monga usipa ndi matemba, zimapereka zomangira. Fodya amachepetsa magazi opita ku fupa ndipo amachedwetsa kulumikizana. Mowa wambiri nawonso umachedwetsa, komanso umagwetsa munthu woyenda ndi ndodo. Wodwala shuga ayenera kusamala kwambiri chifukwa mabala ake amachedwa kupola.

Chikhakha chikachoka, ntchito yeniyeni imayamba. Funsani dokotala kapena namwino kuti akuonetseni zochita kunyumba, ndipo afotokoze kuti muyambe liti kuponda ndi thupi lonse. Zochita zake kawirikawiri n'zosavuta: kukunga ntchafu mwendo uli woongoka, kuutukula muli chigonere, kukhala pampando n'kumapinda ndi kuongola bondo, kuzunguza phazi, kenako kuimirira ndi kukhala pansi kangapo. Chofunika ndi kuchita tsiku lililonse. Kumva kukoka kapena kutopa si vuto, koma ululu wobaya kapena kutupa komwe kwafika m'mawa mwake kukusonyeza kuti mwapyola muyeso.

Vuto lalikulu la mlimi ndi nthawi. Mvula sidikira mwendo, ndipo munthu yemwe wathyoka mu Okutobala amaona anzake akubzala iye ali pamphasa. Apa m'pomwe ambiri amadula chikhakha okha kapena kusenza thumba la feteleza fupa likadali lofewa, n'kutaya chaka chonse pofuna kupulumutsa mwezi umodzi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Banja ligawane ntchito: wovulala atha kusankha mbewu, kutong'ola chimanga kapena kusunga ana ali chikhalire, pomwe ena ali kumunda.

Matimu akuluakulu saweruza kuchira poyang'ana kalendala. Amayeza mphamvu za mwendo wovulala poyerekeza ndi wabwino, ndipo ambiri amafuna kuti ufike pa magawo 90 mwa 100 asanalole wosewera kubwerera. Pamudzi palibe makina oyezera, koma mafunso ake ndi omwewo. Kodi mukutha kuyenda mtunda wopita kumunda osatsimphina? Kodi mukutha kuima ndi mwendo wovulalawo wokha nthawi yofanana ndi winawo? Kodi mukutha kunyonyomala ndi kudzuka osagwira kanthu, bondo osatupa tsiku lotsatira? Ngati yankho ndi ayi pa limodzi mwa mafunsowa, katundu wolemera, kulumpha mizere ndi mpira wa Lamlungu zidikire kaye, ndipo kaonaneninso ndi achipatala.

Masiku ofunika m'nkhaniyi

25 Okutobala 2020: Storm itenga chikho, Papenhuyzen alandira mendulo ya Clive Churchill.

17 Julayi 2022: fupa la pabondo lisweka zidutswa 10 posewera ndi Canberra Raiders.

Januwale 2023: apita ku Philadelphia kwa Bill Knowles.

26 Ogasiti 2023: abwerera mu NRL patatha masiku 405.

8 Sepitembala 2023: athyoka pakakolo posewera ndi Brisbane Broncos.

8 Malichi 2024: abwereranso patatha miyezi 6.

Meyi 2024: fupa ling'aluka pang'ono chapakakolo, akhala kunja masabata angapo.

Meyi 2025: apeza mapointi 36 m'masewero amodzi posewera ndi Wests Tigers.

5 Okutobala 2025: masewero ake omaliza ndi Melbourne Storm.